Nunchaku ikumandibwerera ndikamenya chinthu: ndiwonjezere liwiro?

Funso

Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 20, ndimakhala ku Chibavi. Kwa miyezi 8 ndakhala ndikudziphunzitsa nunchaku, chida cha ndodo ziwiri zolumikizidwa ndi tcheni kapena chingwe, poonera mavidiyo pafoni. Yanga ndinapanga ndekha: ndinadula mpini wa mopu pawiri n'kulumikiza ndi tcheni ya galu pogwiritsa ntchito masikuluu. Kuzunguza ndimatha ndithu, moti anzanga amachita kuima n'kumaonerera. Koma sabata yatha ndinapachika tayala lakale pamtengo wa mapeyala, ndipo nditalimenya ndodo inabwerera n'kunditema pazala. Kachiwiri inandipeza pachigongono, mkono wonse unachita dzanzi. Dzanja lamanzere ndiye silindimvera n'komwe pozunguza. Ndingawonjezere bwanji liwiro, ndipo ndi masitayilo ati ena amene ndiphunzire kuti ndipite patsogolo?

Yankho

Mphwanga, wachita bwino kulemba mosabisa, chifukwa ambiri amangokamba za kuzunguza, zala zotupazo amazibisa m'thumba. Liwiro uli nalo kale, mwinanso lopitirira limene ungathe kulilamulira panopa. Chimene tayala lija lakuonetsa n'chakuti miyezi 8 yonseyi wakhala ukuphunzira kuyambitsa ndodo, koma kuiimitsa sunaphunzire, ndipo sunaonepo zimene imachita ikakumana ndi chinthu cholimba. Mpweya umene wakhala ukumenya subweza. Tayala limabweza, ndodo ya mnzako imabweza, ngakhale thupi la munthu limabweza. Yankho langa lonse likhala pamenepo, ndipo za masitayilo atsopano uyambe waziika padera kwa miyezi iwiri.

Tisanafike pa dzanja lako, ndikukupempha kuti nunchaku uli nayoyo usaizunguzenso ngakhale kamodzi. Sikuluu yolowetsedwa kumutu kwa mtengo imayenda motsata mitsempha ya mtengowo, ndiye ilibe pogwira penipeni. Funsa kalipentala aliyense, akuuza kuti msomali wokhomera kumutu kwa thabwa suchedwa kuzuka. Mipini ya mopu yambiri ndi ya mtengo wofewa, ndipo ulendo uliwonse ukazunguza, ndodoyo ikukoka sikuluu pang'onopang'ono. Tsiku lodzazuka sidzakuchenjeza. Ndinazionapo ndi maso anga pabwalo la sukulu ina muno mu Mzuzu: ndodo inapulumuka kutcheni, inauluka mamita angapo n'kukaswa galasi la windo, pamene pansi pa windolo panali patakhala ana atatu akuonerera. Chiyambire tsiku limenelo sindilola wophunzira aliyense kubwera kwa ine ndi nunchaku ya masikuluu. Nyumba za ku Chibavi n'zothithikana, ndipo ana sasowa pamene pakuchitika zachilendo.

Pita kwa kalipentala amene ali ndi makina osemera miyendo ya mipando. Paini wa ku Chikangawa amene wadzaza m'tauni muno ndi wabwino pa denga ndi mashelefu, koma pa ntchito iyi ndi wofewa, amanyenyeka ukamenya kangapo. Funa bulugamu wouma bwino, wopanda mfundo kapena ming'alu, kapena zidutswa za mlombwa zotsala pa ntchito ina. Ndodo iliyonse italike kuyambira pakati pa chikhatho chako kufika pachigongono. Kwa anthu ambiri amenewo ndi masentimita 30 mpaka 35. Kunenepa kwake kukhale pafupifupi masentimita 3 kumunsi, n'kumaonda pang'ono kupita kumutu. Ziwirizo zilemere mofanana, ndipo usangoyeza ndi manja, kaziike pa sikelo ya m'golosale. Asapake vanishi, chifukwa thukuta likangotuluka imaterera. Sandipepa ndi timafuta pang'ono n'zokwanira. Abowole bowo kumutu lolowa m'kati, ndi ena awiri m'mbali okumana nalo, kuti chingwe cholimba cha nailoni chilowe, chituluke n'kubwereranso, pakati pa ndodo ziwirizo pakhale mizere iwiri kapena itatu. Milomo ya mabowo aisalaze bwino, apo ayi idzadya chingwe. Utali wa chingwe umayezedwa pa dzanja la mwini wake: chiyale pachikhatho, ndodo zilendewere uku ndi uku, chingokwana m'lifupi mwa chikhathocho, pafupifupi masentimita 10. Chikatalika kuposa apo ndodo imachedwa kumva dzanja ndipo imanjanja mosadziwika kolowera. Tsiku lililonse usanayambe, chiyang'ane pamene chikukhudza mtengo. Ukaona ulusi wayamba kunyotsoka, sintha tsiku lomwelo.

Upangenso yachiwiri yofewa. Paipi ya pulasitiki yodutsitsira mawaya a magetsi, yokulunga ndi siponji ya matiresi akale n'kumanga ndi chubu cha njinga, imagwira ntchito bwino lomwe. Palibe chamanyazi pamenepo. Ku Netherlands, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anakhazikitsa mpikisano wathunthu womenyana ndi nunchaku za siponji atavala zoteteza mutu. Chilichonse chatsopano uziyambira pa yofewayo. Kungoti yopepuka imanamiza pa nkhani ya kulemera, ndiye dzanja likaidziwa njira uzisamukira ku ya mtengo, mwapang'onopang'ono.

Tsopano udziwe kuti chida chimenechi chili ndi njira ziwiri, ndipo iwe wakhala ukuyenda ina pamene mtima wako ukufuna inayo. Nunchaku ndi chimodzi mwa zida za kobudo, luso la zida la pa zilumba za Okinawa kummwera kwa Japan, komwenso karate inachokera. Ena amati poyamba chinali chopunthira mpunga, ena amati chinachokera ku timitengo tomangira pakamwa pa hatchi, enanso amati chinabwera kuchokera ku China. Aphunzitsi amene anasunga lusoli kuti lisafe, monga Taira Shinken amene anakhazikitsa bungwe losunga kobudo mu 1955, ndi Matayoshi Shinpo amene anamwalira mu 1997, anasiya ma kata, ndondomeko za mayendedwe zoloweza pamtima, amene ukawaona ungadabwe kuchepa kwa zozunguzazunguza. Muli kumenya, kuwakha, kutchinga, kusuntha mapazi, basi. Dziko lonse linadzaidziwa nunchaku kudzera mwa Bruce Lee, amene anaonetsedwa chidachi ndi mnzake Dan Inosanto n'kuchigwiritsa ntchito mu filimu ya Fist of Fury ya 1972 ndi Enter the Dragon ya 1973. Ife a msinkhu wanga tinaziona titapanikizana pa mabenchi a vidiyo sho, ndipo ambiri tinayamba karate chifukwa cha iye. Koma kumbukira kuti mafilimu a ku Hong Kong a nthawi imeneyo ankajambulidwa opanda mawu, mkokomo wa ndodo uja ankauika pambuyo. Zambiri zimene ukuona pafoni lero ndi zachionetsero: ndodo zopepuka, tcheni yozungulira pa mabering'i, dzanja litagwira pafupi ndi tcheni kuti ndodo izungulire msanga. Ndi luso lenileni ndipo ndimalilemekeza. Koma munthu amene wapachika tayala pamtengo wa mapeyala wanena kale kuti akufuna kuphunzira kumenya, ndipo kumenya kumayambira pa kagwiridwe kena.

Tsitsa dzanja. Gwira chakumunsi kwa ndodo, usiye mtengo wokwana zala ziwiri kapena zitatu ukutuluka pansi pa chikhatho. Tawerenga wekha: ndodo ziwiri za masentimita 30 ndi chingwe cha 10, chida chonse ndi masentimita 70. Ukagwira pafupi ndi chingwe, nsonga ikufika masentimita 45 okha kuchokera m'dzanja mwako, ndipo ndodo ikabwerera zala zako zili pomwepo, pakhomo penipeni. Ukagwira kumunsi ukufika kupitirira 60, ndipo ndodo ya m'dzanja yasanduka mpini woongolera inzake. Palibe amene amawaza nkhuni atagwira nkhwangwa pafupi ndi mutu. Zala zogwira zolimba ndi ziwiri zakumapeto. Chachikulu ndi mkombaphala zingokhala zomasuka, zizifinya pokhapokha pamene nsonga ikukhudza. Masiku oyamba udzamva ngati nunchaku yalemera ndipo liwiro lako lathawa. Usadandaule, n'kulemera kwake kwenikweni kumene unkakuzemba.

Apa tsono ndi pamene pagona nkhani yako yonse. Ndodo yakutsogolo sudaigwire, chimene chikukulumikizani ndi chingwe chokha, ndipo chingwe chimalamula pokhapokha chili chokungika. Chingwe chikakhwefuka, ndodo ilibenso mwini. Taganiza zimene unachita patayala paja. Unaponya mwamphamvu, nsonga itangokhudza tayala dzanja lako linaima, chifukwa mumtima mwako ntchito inali itatha. Pomwepo chingwe chinakhwefuka, mphira unabweza ndodo njira yomwe inadzera, ndipo kumapeto kwa njira imeneyo kunali zala zako. Ukawonjezera liwiro usanakonze zimenezi, chimene chidzawonjezeke ndi ululu wokha.

Unatchetchapo udzu pasukulu? Wotchetcha salozetsa chitchetcho paudzu kuti chikaime pomwepo. Amachidutsitsa, mkono n'kukathera mbali inayo, chiuno chitatembenuka nawo. Kumenya ndi nunchaku n'chimodzimodzi. Yamba ndi kumenya kopingasa, kochokera paphewa lamanja kutsikira kuchiuno chakumanzere. Chiuno chiyambe kutembenuka, phewa litsatire, kenako mkono, ndodo ibwere pomalizira ngati nsonga ya chikwapu. Nsonga ikakhudza, dzanja lisaime: lipitirize kukoka mpaka likafike pachiuno chakumanzere. Kukoka kumeneko n'kumene kumasunga chingwe chokungika, ndipo ndodo m'malo mobwerera kwa iwe imakokedwa kudutsa, n'kukathera pansi chakumbali komwe kulibe chiwalo chako chilichonse. Chidendene cha phazi lakumbuyo chitembenuke nawo, apo ayi bondo lidzapotoka. Dzanja lopanda ndodo likhale pachifuwa, lisamalendewere panjira.

Pomenyera pake ndi masentimita 5 mpaka 8 akumapeto kwa ndodo. Ukaima pafupi kwambiri n'kumenya ndi pakati, nsonga imapitirira, ndodo imapindikira pa chinthucho n'kutembenuka mosadziwika. Choncho theka la vuto la kubwerera ndi mtunda umene waima. Tambasula mkono pang'onopang'ono, chida chili chowongoka, uone pamene nsonga ikungokhudza. Ika chizindikiro pansi pamene phazi lako laima, uzibwerera pomwepo mpaka maso atazolowera. Dziwanso kuti kumenya kolunjika, kokhoma ngati msomali, kumabweza kwambiri kuposa kodula mopingasa. N'chifukwa chake ophunzira anga amakhala milungu ingapo pa kumenya kopingasa kokha, kumanja ndi kumanzere, asanayese kotsika pamutu kapena kodutsa pamimba. Ndipo ikabwererabe, chifukwa nthawi zina idzabwerera, usayese kuigwira ndi dzanja linalo. Kokera dzanja logwiralo pansi ndi kunja, chingwe chikungike, ndodo itaye mphamvu yake mumpweya.

Tayala liyambe lapuma. Mphira wake umanjanjitsa kwambiri, n'chida cha munthu amene wadziwa kale kudutsitsa. Tenga thumba la saka, udzazemo utuchi, umene mu Mzuzu muno susowa, kapena sanza za zovala, ulipachike kuti pakati pake pafanane ndi chifuwa chako. Thumba lotere limameza mphamvu n'kubweza pang'ono, mokwanira kukuphunzitsa popanda kukuthyola chala. Yamba ndi nunchaku yofewa, mphamvu yochepa ngati ukukutumula fumbi pa bulangete. Cholinga cha sabata yoyamba n'chakuti ndodo izithera malo amodzimodzi ulendo uliwonse. Mphamvu uziwonjezera pokhapokha wamenya ka 10 motsatizana osakhudzidwa.

Kenako kuimitsa, kumene ine ndimakuona ngati luso lenileni la chida chimenechi. Pali lamulo limodzi lofunika kulisunga m'mutu. Yang'ana gudumu la njinga likuzungulira: pafupi ndi habu masipoko akuyenda pang'onopang'ono, kutayala akuthamanga. Ndodo yakonso, mbali yapafupi ndi chingwe imayenda mofatsa, nsonga ndiyo imaluma. Ndiye nthawi zonse pamene ukuimitsa ndodo ndi thupi, thupi likumane ndi mbali yapafupi ndi chingwe kapena chingwe chenichenicho, nsonga ipite kukathera mumpweya kuseri. Amene amatuluka mabala m'nthiti ndi pamsana amakhala kuti dzanja lawo laima patali ndi thupi, ndipo chimene chafika pathupi ndi nsonga.

Poimitsira pali patatu pamene ndikufuna upadziwe ngati njira ya kwanu. Poyamba m'khwapa: ndodo yakutsogolo yapanidwa m'khwapa, inayo ili m'dzanja kutsogolo kwa chifuwa. Tsegula khwapa, iponye kutsogolo, ibweze njira yomweyo, utseke khwapa pamene ikufika. Ambiri amatseka msanga, ndodo n'kumenya mkono kunja. Chigongono chitseguke pang'ono kudikira mlendo, chitseke iye atalowa. Pachiwiri ndi paphewa: ndodo ikukwera kutsogolo, kudutsa kuseri kwa mkono, kukalandiridwa ndi dzanja linalo limene ladutsa pachifuwa n'kukadikira pansi pa khwapa. Dzanja lodikiralo lifike ndodo isanafike, chikhatho chotsegula, zala zogundana. Usaisake ndodo ndi zala zotambasuka, n'kumene anthu amathyokera chala. Pachitatu ndi pachiuno, pamene kumenya kopingasa kumathera, dzanja linalo litadikira pomwepo.

Kawakhidwe kake uphunzire kwa amisiri omanga nyumba akamaponyerana njerwa. Wolandira saumitsa manja. Amatsika nayo njerwa pang'ono, mphamvu yake n'kuthera m'njira. Iwenso dzanja loponya lichepetse liwiro ndodo itatsala pang'ono kufika, lolandira libwerere nayo pang'ono. Makutu adzakuuza: ukamva kuti phaa ngati khofi ndipo chikhatho chikuyaka, waumitsa. Ukawakha bwino phokoso limakhala lochepa. Ndipo ulendo uliwonse ukawakha, ima. Puma kawiri uli chiimire, mapazi olimba, maso kutsogolo, kenako uyambenso. Kuima kumeneku anyamata amadana nako chifukwa sikusangalatsa oonerera, koma ndi kumene kumaonetsa ngati ndodo ili m'manja mwako kapena iwe ndiwe ukuthamangira pambuyo pake. Munthu wozunguza mosalekeza amabisa zolakwa zambiri m'kati mwa liwirolo. Ukazolowera, tenga yofewa uchite zomwezo utatsinzina.

Za chigongono chija. Kuseri kwa fupa la m'kati mwa chigongono kumadutsa mtsempha umene uli pansi pa khungu penipeni, wopita ku zala ziwiri zakumapeto. Ukagundidwa ndi pamene mkono umachita dzanzi mpaka kuzala. Ndodo imaupeza m'njira ziwiri. Pozunguza nambala 8 yogona, chigongono chimatuluka kukalowa m'njira ya ndodo chifukwa ukuzunguza ndi mkono wonse. Pana chipewa m'khwapa, uzunguze osachigwetsa. Udzakakamizika kugwiritsa ntchito mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, ndipo chigongono chidzakhala kwawo pafupi ndi nthiti. Njira yachiwiri ndi podutsitsa paphewa chigongono chitagwa pansi. Chikweze, chiloze kutsogolo, kuti ndodo ikulunge mnofu wa kuseri kwa mkono m'malo mwa fupa. Kwa milungu yoyamba dula sokosi yakale, uikemo siponji, uvale pachigongono. Dzanzi lotere limatha m'mphindi zochepa. Likagona tsiku lonse kapena zala zikayamba kufooka, pita ukaonetse kuchipatala.

Dzanja lamanzere silikukumvera chifukwa sunalipatse ntchito, palibenso chinsinsi china. Uziyamba nalo tsiku lililonse usanatope, ndipo lamanja likachita ka 20, lamanzere lichite ka 40. Sungalithawe, chifukwa ukangowakha paphewa chida chasamukira kumanzere, ndipo ngati dzanja limenelo silidziwa kumenya, kuwakhako kunalibe phindu.

Mu funso lako sunatchulepo mapazi, ndipo ndikuganiza kuti umachita zonse utaima malo amodzi, maso ali pandodo. Pachika mpira wachikulunga pachingwe, ufanane ndi nkhope yako. Ukankhe uzilendewera, ndipo maso ako asachoke pampirawo. Lowa ndi phazi limodzi, menya, tuluka chammbali, wakha, ima. Phazi lifike pansi nthawi imodzi ndi nsonga ya ndodo. Mpira woyenda udzakuphunzitsa zimene thumba silingathe: kuphonya. Pamene waphonya ndi pamene nunchaku imaonetsa kufooka kwake, chifukwa ndodo imapitirira ndi mphamvu yonse ndipo pamatenga kanthawi kuti ibwerere pomenyera. Kanthawi kameneko amakatseka ndi mapazi, pochoka pamalo pamene unaima. Wophunzira amene amamenya n'kukhalabe pomwepo ndimamugwira paphewa ndi ndodo ya siponji mpaka atasiya.

Liwiro limene ukufunsalo lidzabwera lokha kuchokera m'zinthu zimenezi, ndipo adani ake ndi phewa lokwera, mano olumana ndi mpweya wotsekera. Minofu yolimbana yokhayokha imachedwetsa mkono. Tsitsa mapewa, tulutsa mpweya pamene ukumenya, ndipo chotsa zokhotakhota zimene dzanja limachita lisanaponye, monga kubwerera m'mbuyo kukatenga mphamvu. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa chida ichi ndaziona kambirimbiri: wophunzira wochita pang'onopang'ono kwa miyezi itatu amadzamupitirira amene anayamba ndi mkokomo. Foni imene yakhala mphunzitsi wako isanduke galasi lako. Itsamiritse panjerwa, ikujambule chammbali, uonere mochedwetsa. Yang'ana ngati dzanja likuima pamene nsonga yakhudza, ngati chigongono chikuyendayenda, ndiponso ngati mutu ukuzinda pothawa ndodo yako yomwe. Mutu wozinda umatanthauza kuti thupi silikuikhulupirira njira ya ndodo, ndiye bwerera ku yofewa.

Pali mbali ina imene mavidiyo saonetsa kawirikawiri chifukwa siyokongola. Munthu akayandikira kwambiri, kuzunguza kulibe ntchito. A kobudo amaphatikiza ndodo ziwirizo m'dzanja limodzi ngati chibonga chachifupi, amabaya ndi kumunsi kwake, kapena amagwira ndodo iliyonse dzanja lake n'kutchinga. Zimenezi sizimaphunzirika pawekha kuseri kwa nyumba, zimafuna mnzako ndi munthu woyang'anira. Lowa kalabu ya karate, taekwondo kapena nkhonya imene ungaipeze pafupi, ngakhale kuti saphunzitsa zida. Kaimidwe, kutembenuza chiuno ndi kuyeza mtunda udzazipeza kumeneko, ndipo nunchaku imangokwera pamwamba pa zimenezo. Ukapeza mphunzitsi wodziwa kobudo n'kukuuza kuti uyambe ndi bo, ndodo yaitali ya pafupifupi masentimita 180, usakhumudwe. Masukulu ambiri a ku Okinawa amayambira pomwepo.

Mphindi 25 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Mu June ndi July, m'mawa wa chifunga wa kuno, zala zimakhala zouma ndi kuzizira ndipo ndodo ikakhudza imapweteka kawiri. Thamanga pang'ono, tikita manja, zunguza mapewa ndi mfundo za manja mpaka thupi litafunda usanagwire chida. Nyengo ya mvula, imene kuno imachedwa kutha, usayesere m'nyumba ndi ya mtengo, pali babu, pali anthu. Gwada pamkeka ndi yofewa uchite zowakha zokha. Panja, onetsetsa kuti mamita atatu mbali zonse mulibe munthu, ndipo ana uwauze poti akhale usanayambe. Ukaphonya kuwakha katatu motsatizana, watopa, leka. Ngozi zambiri zimene ndaona zimachitika kumapeto, munthu akuti ndichiteko komaliza.

Ndodo ikadzakupeza m'mutu, makamaka kunkhongo kapena chammbali pafupi ndi khutu, usapitirize tsiku limenelo ngakhale ukumva bwino. Ukayamba kusanza, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, tulo tosaletseka, kapena mutu ukamapweteka mowonjezereka, pita kuchipatala cha Mapale kapena cha Central tsiku lomwelo, ndipo usapite wekha.

Sunanene chifukwa chimene ukuphunzirira, koma ndikudziwa zimene zimabwera m'mutu mwa mnyamata woyenda usiku m'tinjira ta m'makomboni. Usayende nayo m'chiuno. Maiko ambiri amachiona chida chimenechi ndi diso lokayika: ku New York chinali choletsedwa ngakhale kuchisunga m'nyumba kuyambira 1974 mpaka khoti linathetsa lamulolo mu 2018, ndipo ku Britain ankadula zigawo za nunchaku m'mafilimu mpaka 1999. Kuno kwathu kupezeka ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ndipo achitetezo cha m'dera akakupeza nacho usiku sadzayamba n'kufunsa za Okinawa. Kuwonjezera apo, m'kanjira kopanikiza, mumdima, anthu ali awiri kapena atatu, chida chofuna malo ndi mtunda ngati ichi chimakhumudwitsa mwini wake, ndipo chikagunda mutu wa munthu chikhoza kupha, iwe n'kukathera kundende. Popita kokaphunzira imange ndi chingwe, uiike pansi m'chikwama.

Pakatha milungu 8 udziyese chonchi, foni ikujambula. Nunchaku ya mtengo, thumba la utuchi, dzanja lamanzere poyamba. Lowa, menya mopingasa, tuluka chammbali, wakha pachiuno osayang'ana, ima kupuma kawiri. Ka 10 kumanzere, ka 10 kumanja, ndodo isakukhudze pena paliponse kupatula m'chikhatho cholandira. Ikakukhudza kamodzi, yambiranso kuwerenga. Ukakwanitsa masiku atatu otsatizana, kapachikenso tayala lija, uyambe ndi theka la mphamvu zako, ndipo undilembere undiuze kumene ndodo ikuthera. Za kudutsitsa kumsana ndi kusinthana manja pansi pa mwendo tidzakambirana pamenepo.